Mikono Yanga Ndi Yaitali

Mvula yachoka osatsanzika.
Kuno ku Sadzi mapesi ayamba kunong'onezana m'minda,
m'mawa phiri likumadzuka litafunda chifunga mpaka m'khosi,
madzi a pampopi akuluma zala.
Juni ali panjira, akunola mano.

Chaka chatha ndinagula jekete pa kaunjika ku Mpondabwino.
Linali lokongola, koma linali ndi mwini wake:
zigongono zake zinkapindikira pomwe zanga sizipindikira,
m'thumba munali tikiti ya sitima
ya dziko lomwe lilime langa silingatchule,
ndi kafungo ka fodya wa munthu amene sindidzamuona.
Mikono yake inkathera panjira,
poti ine Chauta anandipatsa mikono yothyolera mapapaya.
Chisanu chonse ndinayenda ngati mlendo m'thupi la eni.

Chaka chino ayi.

Ndinatulutsa makina aja azakhali anasiya pachikole
n'kuiwala kuwombola.
Lamba anadyedwa ndi makoswe;
Lonjezo analenga chubu cha njinga, chinakwana.
Tepi yanga inafufutika mainchi atatu oyambirira,
ndiye muyeso uliwonse ndimayambira pa folo
n'kumachotsera m'mutu,
ine amene masamu anandithamangitsa kusukulu.

Nsalu yake ndi bulangete lotuwa la mizere iwiri yofiira.
Patani ndinadula papepala la thumba la simenti.
Choko ndilibe, kachibenthu ka sopo kamalemba bwinobwino.

Che Nyambalo, telala wa pakhonde la golosale,
anasuzumira pazenera, mapini ali kukamwa:
"Mayi, kolala si masewera.
Bweretsani kuno, mtengo tikambirana."
Ndinawapatsa mpando, ndinawapatsa nzimbe.
Jekete sindinawapatse.

Usiku magetsi anazima.
Makina angawa alibe nazo ntchito, amadya mapazi.
Tcheketcheke, tcheketcheke,
kandulo akuvina pamwamba pa chitini,
bulangete likukwawa pansi pa singano
ngati ng'ombe yolowa m'dibi mokakamizidwa.
Paphewa singano inathyoka kawiri.
Yachitatu inandibaya chala,
kadontho ka magazi kali m'kati mwa mpendero mpaka lero,
ndiye siginecha yanga imeneyo.

Mkono wakumanzere ndinaulumikiza chozondoka.
Unaloza kumbuyo
ngati ukubayibitsa munthu wotsalira pa siteji.
Lonjezo anaseka mpaka kutsamwa ndi mbatata.
Ndinakhala pansi ndi lezala,
kudula ulusi umodziumodzi,
mpaka muazini wa ku mzikiti anandipeza ndili maso.
Palibe anandiuzapo
kuti theka la kusoka ndi kuphwasula.

Mabatani ndi asanu, palibe pachibale.
Awiri ndinachotsa pa yunifolomu yakale ya mwana,
limodzi ndinatola m'minibasi ya ku Chinamwali,
awiri otsalawo ndi a diresi la ukwati wanga,
ukwati womwe unatha msanga kuposa ulusi wake.
Akugwirabe ntchito, ndiwatayirenji?

Thumba lam'kati ndalizamitsa dala,
mulowe foni, makiyi, ndalama ya kabaza,
ndi dzanja lonse likasowa kopita.

Lero m'mamawa ndalivala popita kumsika.
Kolala yapendekeka ngati khutu la galu womvetsera,
mizere yofiira ija sinakumane kumsana,
wina wakwera, wina watsika,
ngati anthu okwiyirana pa mtunda wa ku Chawe.
Che Nyambalo anandiimitsa,
anagwira mpendero, anautembenuza,
anayendetsa chikhadabo pamsoko wonse.
Anati, "Mhm."
Sanawonjezerepo.

Pa mlatho wa Likangala mphepo inandipeza.
Inathamangira pamfundo za manja
pomwe inazolowera kulowera chaka chatha,
inafufuza, inazungulira,
inapeza nsalu yafika mpaka pa zala.
Ndinaimirira pang'ono kuti iyesenso.
Kenako ndinapita kukagula tomato.